Mwaitanidwa kukadya kwa Ataliyana a ku Bronx? Pitani, achemwali

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Mulanje amene ali ku New York, komwe amasamalira gogo wina wodwala kunyumba kwa gogoyo. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Ana a agogo amene ndimawasamalira andiitana kuti Lamlungu likubwerali ndikadye nawo ku lesitilanti ya Ataliyana ya m'dera lawo ku Bronx, muno mu mzinda wa New York, komwe banja lawo lakhala likudya kuyambira kalekale. Ine malo otere sindinalowepo. Ndine wa Seventh-day, nkhumba sindidya, zam'madzi zopanda mamba sindidya, mowanso sindimwa. Ndikuopa kukachita manyazi ndi menyu, ndikuopanso bilu. Komanso mnzanga wina amene anakhalapo ku Italy akuti chakudya cha m'malo amenewa n'chongopeka, si cha Chitaliyana chenicheni. Ndipite kapena ndipepese?"

Achemwali, pitani. Musapepese ayi. Banja la Ataliyana a kuno ku America likakuitanani ku tebulo lawo la Lamlungu, ndiye kuti lakuonani ngati munthu wa pakhomo. Mukugwira thupi la mayi awo tsiku ndi tsiku, mukuwasambitsa, mukuwadyetsa, ndipo anawo akufuna kuthokoza m'njira imene makolo awo anawaphunzitsa, yomwe ndi kukukhazikani pansi n'kukudzazirani mbale. Mukakana, adzamva ndithu ngakhale sadzanena.

Ndiyambe ndi mawu a mnzanu uja, chifukwa ndi amene andikhudza kwambiri. Iye sakunama kuti zambiri zimene mukazione pa menyu simungazipeze m'mizinda ya ku Italy monga Naples kapena Palermo m'mene amaziphikira kuno. Koma kunena kuti n'zongopeka n'kulakwira anthu amene anavutika kwambiri. Pakati pa 1880 ndi 1924, Ataliyana pafupifupi 4 miliyoni anawoloka nyanja kubwera ku America. Ambiri anali alimi osauka a kumwera kwa dziko lawo, ku Campania, Calabria ndi Sicily, anthu olima minda ya eni ake. Kwawo nyama ankailawa pa chikondwerero basi. Masiku ena onse anali a buledi, nyemba, masamba ndi pasitala pang'ono akapezeka. Atafika kuno anagwira ntchito zolemetsa, kukumba ngalande, kumanga misewu ndi njanji, kusoka zovala m'mafakitale, ndipo ambiri ankatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi. Malipiro anali ochepa poyerekeza ndi a anthu ena, komabe anali okwanira kugula nyama ya ng'ombe, nkhuku, mazira ndi tchizi, zinthu zimene kwawo zinali za mabwana. Tomato wa m'zitini analiponso wambiri, wotsika mtengo.

Ndiye munthu amene wakula ndi njala akapeza nyama amatani? Amaiika paliponse, ndipo amaiika yambiri. Ku Italy, timipira ta nyama yogaya timakhala tating'ono ndipo kawirikawiri timadyedwa patokha. Kuno tinakula kufika pa chibakera cha mwana, n'kukwera pamwamba pa spaghetti. Kumwera kwa Italy amaphika mabiringanya odula, okazinga, n'kuwayala m'mbale ndi tomato ndi tchizi, kenako mu uvuni. Kuno anatenga kaphikidwe komweko n'kuikapo chidali cha nkhuku m'malo mwa mabiringanya, ndiyo chicken parmigiana imene aliyense amaitcha chicken parm. Fettuccine Alfredo anayambira ku Rome kwa Alfredo di Lelio, ali pasitala wa batala ndi tchizi cha Parmigiano basi, koma atafika kuno anamuthira kirimu wambiri. Ife amene tili kunja tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa wina aliyense. Tikakumana pa chinkhoswe ku Indiana kapena ku Maryland timaphika nsima ndi ufa umene tapeza m'sitolo, ndiwo zake n'kukhala masamba a kuno otchedwa collard greens otendera ndi chiponde cha m'botolo. Ndani angatiuze kuti chakudya chimenecho n'chabodza? Ndi chathu, chophikidwa ndi manja a anthu osowa kwawo. Cha Ataliyana a ku America chilinso chimodzimodzi, kungoti chawo chatha zaka zoposa 100 ndipo chili ndi mizu yakeyake tsopano.

Simunanene dzina la malowo, koma ngati ali ku Belmont, cha ku Arthur Avenue, mukupita kuchimake. Ataliyana anayamba kudzaza dera limenelo kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ena atabwera kudzagwira ntchito yomanga Bronx Zoo, malo osungirako nyama zakutchire, amene anatsegulidwa mu 1899. Msika wa Arthur Avenue Retail Market unatsegulidwa mu 1940 pa nthawi ya meya Fiorello La Guardia, pofuna kuchotsa ogulitsa a pangolo m'misewu, ndipo ulipobe. Lesitilanti ya Mario's ili pa msewu womwewo kuyambira 1919. Lero m'deralo mwadzaza anthu ochokera ku Albania ndi ku Mexico, moti musadabwe mukapeza kuti weita ndi wa ku Albania ndipo wophika kukhitchini akuyankhula Chisipanishi. Ine zimenezi zimandisangalatsa, chifukwa malo amene anamangidwa ndi obwera akudyetsabe ana a obwera atsopano.

Mukalowa, musayembekezere malo a phee ngati a mahotela akuluakulu. Mumakhala phokoso, matebulo oyandikana, zithunzi za makolo ndi za alendo otchuka pakhoma, nsalu zoyera kapena za mabokosi ofiira ndi oyera patebulo. Mwini wake akhoza kubwera kudzapsompsona agogo patsaya ndi kufunsa za mwendo wawo. Valani bwino monga mmene mungavalire popita kukaona apongozi, osapitirira apo.

Tsopano nkhani ya nkhumba, pamene pakufunika maso. Ataliyana nkhumba amaikonda, ndipo imabisala m'zakudya zimene simungaziganizire. Lamlungu ndi tsiku la msuzi wofiira umene ena amautcha Sunday gravy, tomato wowira pang'onopang'ono kwa maola ambiri pamodzi ndi nthiti za nkhumba, soseji ndi nyama zina. Ngakhale atachotsamo nyamayo, msuziwo waphikidwa ndi nkhumba. Umene mungadye mtima uli m'malo ndi marinara, wa tomato, adyo, mafuta a azitona ndi masamba onunkhira, wopanda nyama. Timipira ta nyama tija nthawi zambiri timakhala tosakaniza ng'ombe, mwana wa ng'ombe ndi nkhumba, choncho funsani musanadye. Mukaona mawu akuti prosciutto, pancetta, guanciale, salami, soppressata, capicola kapena sausage, imeneyo ndi nkhumba. Carbonara, amatriciana ndi saltimbocca zonse zili ndi nkhumba. Supu ya nyemba yotchedwa pasta e fagioli ambiri amaiyamba ndi pancetta. Kulinso buledi wina wa m'mabekale a Ataliyana ku New York, lard bread kapena prosciutto bread, amene amaphikidwa ndi mafuta ndi tizidutswa ta nkhumba. Buledi wamba wa m'dengu la patebulo alibe vuto, koma mukaona timadontho ta nyama mkati, musiyeni.

Zam'madzi n'zosavuta kuzizindikira. Calamari, clams, mussels, shrimp scampi, scungilli ndi lobster zonse ndi zopanda mamba, ndipo zimakonda kubwera koyambirira m'mbale zazikulu zoika pakati pa tebulo kuti aliyense atapeko. Ingopatsirani mbaleyo kwa amene mwayandikana naye. Nsomba za mamba monga branzino ndi salmon zimapezeka m'malo ambiri, zowotcha ndi mandimu.

Vinyo nayenso amalowa mumphika. Chicken marsala ali ndi vinyo wa Marsala, francese ndi piccata kawirikawiri amathiramo vinyo woyera, penne alla vodka dzina lake likudzinenera lokha. Anthu adzakuuzani kuti mowa umatha pophika. Umachepa ndithu koma sumatha wonse, ndiye zili kwa inu ndi chikumbumtima chanu. Pa zotsekemera, tiramisu imakhala ndi khofi ndipo nthawi zambiri ndi kamowa, pamene zikhokho za cannoli, mwa kaphikidwe kakale ka ku Sicily, zimakandidwa ndi vinyo ndi mafuta a nkhumba, ngakhale ambiri lero anasintha. Ayisikilimu wawo kapena lemon ice nthawi zambiri alibe mlandu.

Mwina mwayamba kuganiza kuti palibe chotsala. Chilipo chambiri, ndipo ndi chimene ine ndimachikonda kuposa zonse. Eggplant parmigiana, mabiringanya aja, ndi chakudya chimene chinachokeradi kwawo, ndipo malo akale amachiphika mosamala kwambiri. Chicken parm ndi marinara simungalakwitse. Baked ziti kapena ravioli wa tchizi ndi wabwino, bola mufunse kuti msuzi wake ndi uti. Spaghetti aglio e olio ndi wa adyo, mafuta ndi tsabola basi, chakudya cha anthu osauka chokoma zedi. Ndipo musatuluke musanalawe broccoli rabe, masamba owawirira a m'banja la mpiru, okazinga ndi adyo. Amalawi ambiri amene ndadya nawo amathera pa mbale imeneyo. Kumbukirani kunena kuti asaikemo soseji, chifukwa ziwirizi amakonda kuziphatikiza.

Njira yachidule ndi iyi: uzani mwana wa agogo amene anakuitananiyo lisanafike tsikulo kuti nkhumba, zam'madzi zopanda mamba ndi mowa simudya chifukwa cha chipembedzo. Anthu a ku New York akhala ndi Ayuda ndi Asilamu moyo wawo wonse, nkhani imeneyi si yachilendo kwa iwo, ndipo weita amaimva tsiku lililonse. Ngati banjalo ndi la kasitomala akale, iwo eni adzauza kukhitchini. Chimene chingawapweteke mtima n'kukuonani mukungotola buledi madzulo onse osadziwa chifukwa chake.

Pasitala wawo mudzamuona ngati sanapse. Wapsa. Amamuphula akadali wolimbirako pakati mwadala, ndipo mukazolowera simudzafunanso wofewa. Spaghetti mumamukulunga pa foloko pang'onopang'ono. Ena amathandizira ndi supuni, ena ayi, ndipo palibe amene adzakuyang'anani. Chimene ndikuchenjezeni ndi kuchuluka kwa chakudya. Kumabwera buledi, kenako zoyambira, kenako saladi, mwina pasitala, ndiye chakudya chachikulu, ndipo mbale imodzi ya munthu mmodzi ikhoza kukhutitsa awiri. Musadzaze mimba ndi buledi. Tapani pang'ono pa chilichonse chimene mungathe kudya, chifukwa adzakuumirizani kuwonjezera, makamaka akuluakulu. Zotsala sizitayidwa: mumapempha kabokosi, amakulongedzerani, mumapita nazo kunyumba. Kuno zimenezo si umphawi, ngakhale madokotala amatuluka atanyamula kathumba kawo.

Za bilu, mtima ukhale pansi. M'banja lotere, amene waitana ndi amene amalipira, ndipo mukhoza kuona abale akulimbirana kapepalako, aliyense akufuna kulipira ndi iye. Inu nenani kamodzi mwaulemu kuti mukufuna kuthandizako. Adzakana, ndipo akatero mungothokoza. Posankha chakudya, tengani cha mtengo wapakati, ndipo weita akayamba kutchula zapadera za tsikulo pamtima, dziwani kuti zimenezo nthawi zambiri ndi zodula kuposa za pa menyu. Kufunsa mtengo si mwano. Madzi a pampopi ndi aulere, a m'botolo ndi olipira.

Komabe nyamulani ndalama m'chikwama, ndipo zikhale za pamanja, chifukwa malo ena akale salandira khadi. Ndikufunanso mudziwe kawerengedwe kake, popeza ndikukhulupirira kuti tsiku lina mudzabwererako ndi anzanu a kutchalitchi. Mtengo wa pa menyu si womaliza. Mu mzinda wa New York amawonjezerapo msonkho wa 8.875 peresenti, ndipo pamwamba pake mumasiya tip, ndalama yothokoza weita, 18 mpaka 20 peresenti. Chakudya cha madola 100 chimafika pafupi ndi madola 130 mukaphatikiza zonse. Ndikudziwa kuti kwa ife amene timawerengera dola iliyonse m'makwacha, tip imawawa. Koma kuno imeneyo ndi gawo la malipiro a munthu. Lamulo la boma lalikulu la America limalola kulipira weita madola 2.13 okha pa ola, chiwerengero chimene sichinasinthe kuyambira 1991, poyembekezera kuti tip idzakwaniritsa zotsalazo. New York ili ndi malamulo ake okwererapo, komabe weita amadalira tip kuti alipire lendi. Inu amene mumaima tsiku lonse kutumikira munthu mukudziwa kulemera kwa ntchito yotere. Mukakhala gulu lalikulu, yang'anani pa bilu, chifukwa malo ambiri amaikiratu tip okha, ndiye simuyenera kubwereza.

Chomaliza ndi agogo. Patebulo paja musakhale ngati muli pa ntchito, koma diso lanu lidzapitabe kwa iwo, ndipo palibe cholakwika kuwadulira nyama kapena kuwakumbutsa mankhwala. Ngati akutha kuyankhula, afunseni kuti makolo awo anachokera mudzi uti ku Italy, ndiponso kuti mayi awo ankaphika bwanji msuzi wa Lamlungu. Anthu amenewa mudzi wa makolo awo amaudziwa ndi dzina, ngakhale amene sanapondeko. Nawonso adzakufunsani za ku Mulanje, ndiye konzekerani kuwafotokozera za phiri ndi minda ya tiyi. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kumva kuti munadya chiyani.