Funsani Amalume: Kabanjo ka agogo, ndigulitse kapena ndisunge?

FUNSO: Amalume, ine ndimakhala ku Chilenje ku Lusaka. Mwezi watha tikukonza m'nyumba ya malemu agogo tinapeza kabanjo kakang'ono pamwamba pa wadilobu, kokulunga m'chitenje. Kali ndi makiyi anayi, nsambo zinaduka kale, chikopa chang'ambika pang'ono m'mbali, ndipo kumutu kwake analembako kuti George Formby. Amayi akuti agogo anapatsidwa ndi mzungu amene ankamuphikira ku Kabwe. Manje mnyamata wina wogula zinthu zakale akuti andipatsa K700 pompopompo, koma alamu anga akuti tiyambe taikamo waya wa buleki ya njinga ndi kupaka vanishi kuti mtengo ukwere. Nditani?

YANKHO: Mphwanga, musanamalize n'komwe kuwerenga izi, kabiseni kutali ndi alamu anuwo. Sindikuwanyoza ayi, ifenso tinakula tikupanga mabanjo a chigubu cha mafuta ndi waya wa buleki ndipo ankalira bwino zedi, koma aka si ka mtundu umenewo. Dzina lake ndi banjo ukulele, ena amati banjolele. Thupi ndi la banjo, kang'oma kokutidwa ndi chikopa, koma khosi ndi lalifupi la ukulele, kagitala kakang'ono kaja, nsambo zinayi, zochunidwa G C E A. Timabanjo totere tinatchuka kwambiri ku America ndi ku Britain m'ma 1920 ndi 1930, nthawi imene oimba m'maholo analibe zokuzira mawu, ndiye ukulele wamba sunkamveka kumbuyo koma aka ndi chikopa chakecho kankafika mpaka pakhomo. Tambiri mwa timabanjoti anatipangira nsambo zofewa, kale za matumbo a nkhosa, lero za nayiloni. Mukakakamiza waya khosi limapindika pang'onopang'ono, mafureti, tizitsulo topingasa pakhosi tija, amadyeka, makiyi aja ogwira ndi kuthina chabe amayamba kubwerera okha, basi kathera pomwepo.

Za dzinalo, pepani, musayambe kuwerengera mapuloti ku Chalala. George Formby anali woimba komanso wanthabwala wa ku Wigan ku England, anamwalira mu 1961, ndipo ndi amene anatchukitsa chida chimenechi kwawoko kuposa wina aliyense. Kampani ya Dallas ya ku London inkapanga mabanjo ambirimbiri olembedwa dzina lake n'kumagulitsa kwa aliyense, mitundu yake kuyambira A, wotchipa, mpaka E. Ndiye dzina lili kumutuko sikuti Formby mwini wake anakagwirako. Mabanjo amene osonkhanitsa zakale amalimbirana kwambiri ndi monga Abbott Monarch, Ludwig, ndi a kampani ya Gibson ya ku Kalamazoo ku America aja a UB-2 ndi UB-3, omwe ng'oma yake ndi mainchesi 8 pomwe UB-1 ndi 6. Koma Dallas wabwinobwino, wosaguluka tizitsulo, nayenso ali ndi anthu ake omufuna.

Vanishi ndiye ayi ndithu. Ife kuno chinthu chikanyezimira timati chakwera mtengo, koma osonkhanitsa zakale amaganiza mosiyana, amafuna penti yoyambirira ngakhale yofwifwa, makiyi ake enieni, ngakhale pamene chala cha mwini wake chinaperepesa pakhosi amapakonda. Pukutani ndi kansalu kouma basi. Sandipepa ndi sitiliwulu zisayandikire. Werengani tingowe tozungulira ng'omayo muone ngati tonse tilipo, kenako kwezani kabanjoko kufika pa diso, muyang'ane kuchokera kumutu kutsetsereka ndi khosi ngati mmene kalipentala amayang'anira thabwa. Likakhala lowongoka mwapata, zina zonse zimakonzeka.

Chikopa si nkhani yodetsa nkhawa. Choyambiriracho kawirikawiri chimakhala cha mwana wa ng'ombe, koma cha mbuzi chopyapyala, chopala bwino, chimagwira ntchito, ndipo munthu wodziwa kukunga ng'oma, ngati aja osema ku Kabwata, ntchitoyi siingamuvute mukamuonetsa mmene mkombero wake umakhalira. Amachinyika m'madzi, kuchikunga chili chofewa, n'kuchisiya chiume chokha pamthunzi, osati kuchiwamba pamoto ngati ng'oma ya gule. Chakalecho musataye, chiikeni mu envulopu, wogula weniweni adzachifunsa. Ndipo dziwani kuti chikopa chimamva nyengo kuposa bondo la nkhalamba, mu Januwale mvula ikamagwa chimalefuka mawu n'kukhala ngati munthu wa chimfine, ndiye anthu amathamangira kumanga tingowe mwamphamvu, kufika Okutobala dzuwa lija la Lusaka chauma chakungika, usiku mungomva phwaa. Mukamanga nthawi ya mvula kumbukirani kumasulako pang'ono kukayamba kutentha, ndipo pamwamba pa wadilobu pansi pa malata kachokepo.

Kathabwa kamene nsambo zimatsamirapo sikomata, kamangoima pachikopa, ndiye ngati kanasowa si vuto. Poika kena yezani kuchokera pomwe nsambo zimayambira kumutu kufika pa fureti ya 12, muyezenso utali womwewo kupitirira, pamenepo ndiye malo ake.

K700 ija? Munthu amene akuti lero lomwe ndiye kuti waona kanthu kamene inu simunakaone. Jambulani kutsogolo, kumbuyo, kumutu ndi chizindikiro chilichonse, mufananize pa intaneti ndi ena amene anagulidwadi, osati mitengo yongolemba ogulitsa. Ine kukhala inu sindikanagulitsa n'komwe. Ndikanakhala pansi ndi amayi ndi kope, andiuze agogo anali ku Kabwe zaka ziti, ankakaimba kapena ankangokasunga, pepalalo n'kuliika pamodzi ndi kabanjoko.

FUNSO: Amalume, ndinagula kofanana nako pamsika koma kali ndi makiyi 8. Wogulitsa anati ndi banjo ukulele yapamwamba. Zoona? Ndine wa ku Matero.

YANKHO: Anakupusitsani pang'ono mphwanga, kapena nayenso sankadziwa. Imeneyo ndi banjo mandolin, nsambo zake ndi 8 zoyenda ziwiriziwiri, zochunidwa G D A E ngati vayolini, ndipo iyoyo ndiye ya waya. Zambiri zakale makosi anapindika chifukwa cha kukoka kwa mawaya onsewo, ndiye yang'anani khosi kaye. Ngati lili bwino ikanimo nsambo zopepuka za mandolin, ndipo muchenjeze aneba, imasokosa kuposa wailesi ya m'minibasi.