Kodi vape imamufikitsa mwana pa ndudu? Yankho langa kwa achemwali amene afunsa

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati pochapa chikwama cha mwana wanu wa Fomu 3 mwapezamo kanthu konga cholembera chonenepa, konunkhira mango, ndipo mutamupanikiza wanena kuti ndi vape, si fodya, ndi nthunzi chabe. Ndiye mukufunsa ngati kanthu kameneka kadzamufikitse pa ndudu yeniyeni. M'mayankho muno ena akuti mwanayo watayika kale, ena akuti musiyeni ndi fasho ya ana a lero. Onsewa sindikugwirizana nawo. Ine ndinasuta zaka 11, ndipo chisiyireni patha zaka 7, choncho mundilole nditalikitseko.

Poti si fodya, mwanayo sakunama kwenikweni. M'katimo mulibe tsamba ndipo palibe chimene chikupsa. Muli batire, kawaya kamene kamatentha munthu akakoka mpweya, ndi timadzi tothira zonunkhiritsa. Koma m'ma vape ambiri timadzi timeneto timakhala ndi nikotini, ndipo nikotini ndi amene amabweretsa chibaba. Tengani kanthuko muyang'ane m'mbali mwake kapena pa bokosi. Mukaona 2% kapena 20mg, umenewo ndiye mlingo wotsiriza umene malamulo a ku Britain amalola. Mukaona 5% kapena 50mg, ndiye kuti wapitirira pamenepo kawiri ndi theka. Nkhani yonse yagona pa nambala imeneyo, fungo la mango ndi chophimba chabe.

Ine ndinayamba ndili ndi zaka 15, kwathu ku Kasungu, kuseri kwa chigafa. Tinalipo anayi, tinapichira chingambwe m'pepala long'amba m'kope. Nditakoka kamodzi kukhosi kunachita ngati ndameza khala la moto, ndinatsokomola mpaka misozi, mutu unazungulira, ndipo madzulo ake nsima ndinangoiyang'ana chifukwa cha nseru. Awiri mwa anzanga aja sanabwererenso, thupi linawauza lokha kuti ichi ndi chiphe. Kuwawa kwa ndudu yoyamba kunali mpanda, ndipo ana ambiri ankabwerera pampanda pomwepo. Tinaumirira ndife awiri, chifukwa chofuna kuoneka amuna.

Mpanda umenewo ndi umene vape inagwetsa. Amene anapanga ndudu yamagetsi ya mtundu wa lero, Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China, anaipanga mu 2003 poganizira anthu akuluakulu osuta ngati iye mwini ndi bambo ake, amene anamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Ana sanali m'mutu mwake. Koma mu 2015 ku America kunatuluka Juul, kakang'ono konga flash disk, momwe nikotini anasakanizidwa ndi asidi wina kuti asamakande kukhosi ngakhale achuluke bwanji, kenako n'kuthiramo kakomedwe ka mango ndi zina zotsekemera. Mwana amakoka osatsokomola, malaya osanunkha, mayi ake osadziwa kanthu. Chikomekome cha mkuyu. Pamene ubongo wa munthu umakhala ukukhwimabe mpaka cha m'ma zaka 25, ndipo wa mwana wa zaka 16 umagwidwa ndi nikotini msanga kuposa wa munthu wamkulu.

Tsopano pa funso lanu lenilenilo pali zoona ziwiri zimene zimaoneka ngati zikukangana, ndipo ndibwino muzimve zonse.

Ofufuza akatenga ana amene sanasutepo ndudu n'kuwatsatira kwa chaka kapena kuposerapo, amapeza chinthu chimodzimodzi pafupifupi paliponse. Mu 2017 Samir Soneji ndi anzake anasonkhanitsa pamodzi kafukufuku wa achinyamata oposa 17,000 a ku America, ndipo anapeza kuti kwa amene anayesapo vape chiopsezo choyamba ndudu chinali chokwera kuposa katatu poyerekeza ndi amene sanaikhudzepo. Chaka chotsatira, bungwe la National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine litaunika umboni wonse umene unalipo linanenanso kuti vape imakweza chiopsezo choti wachinyamata ayese ndudu. Choncho mantha anuwo si ongopeka.

Koma tikayang'ana dziko lonse la America lomwelo, chithunzi chikusintha. Mu 2011, ana a sekondale 16 mwa 100 alionse ankasuta ndudu. Vape itabuka, pofika 2019 oposa 27 mwa 100 alionse ankaikoka. Ikanakhala kuti vape ndi msewu waukulu wopita ku ndudu, osuta ndudu akanachuluka kwambiri. M'malo mwake anatsika kufika pa 6 m'chaka chomwecho, ndipo mu 2024 sanakwane ngakhale 2 mwa 100 alionse.

Nanga ziwirizi zikukumana pati? Akatswiri ena amati vape si imene imamukankha mwana, koma mwana amene amayesa vape ndi yemweyo amene akanayesa ndudu ngakhale vape kukanakhala kulibe. Ndi mwana wokonda kulawa chilichonse, amene anzake amasuta, amene bambo ake amasuta pakhonde, kapena amene ali ndi nkhawa zosauza munthu. Chimene chafika poyamba m'manja mwake ndi chimene amayamba nacho. Ofufuza a ku University of Bristol anapeza mu 2021 kuti chibadwa cha m'magazi chimene chimakokera munthu ku ndudu chimamukokeranso ku vape. Ine zimenezi ndimazimva, chifukwa mwa anayi a kuchigafa aja, awiri amene tinapitiriza ndife omwenso tinali oyamba kulawa kachasu.

Ndiye zoona zake n'zakuti si mwana aliyense wa vape amene amathera pa ndudu, ambiri sathera kumeneko. Koma apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere bwino, achemwali, chifukwa manambala otonthoza aja ndi a ku America, ndipo mwana wanu sali ku America. Kumeneko ndudu ndi yodula, imagulitsidwa paketi yathunthu, ndipo kuyambira mu December 2019 lamulo silimalola kugulitsa fodya kwa munthu wosakwana zaka 21. Mwana wa kumeneko vape yake ikatha, chapafupi n'kupeza vape ina. Kuno kwathu zinthu zatembenuka. Vape ndi imene ili yodula, imapezeka m'mashopu owerengeka a m'tauni kapena kwa wina amene wabwera nayo kuchokera kunja, pamene ndudu ili pa benchi iliyonse, imodziimodzi, pambali pa maswiti ndi machesi, pa mtengo wa chenje yotsala pa minibasi, ndipo wogulitsa safunsa zaka. Kumudzi chingambwe ndi chongopempha. Chibaba sichisankha chipangizo. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Izi ndinaziona ndi maso pa mwana wa mlongo wanga. Ali ku sukulu yogonera komweko, mnzake anabwera ndi ma vape awiri amene mkulu wake anamutengera kuchokera ku Johannesburg. Ankakokerana usiku m'chipinda chogona, n'kumatchaja pa chingwe cha foni. Pakati pa teremu timadzi tinatha. Tsiku loyamba anangoseka. Tsiku lachitatu anali akukalipira aliyense, m'kalasi mawu a mphunzitsi akungodutsa pamwamba, usiku tulo osabwera. Anatuma mwana woyendera kuti akamugulire ndudu ziwiri pa benchi ya kunja kwa mpanda. Pobwera kutchuthi, atandipatsa moni wa dzanja, ndinamva fungo lija pa zala zake, fungo limene wosuta wakale saliiwala. Nditamutengera pambali anandiuza kuti, "Malume, ndudu sindiikonda, imanunkha, koma popanda iyo mutu sukugwira." Mwana ameneyu sanafunepo ndudu. Anafuna nikotini, ndipo ndudu ndi imene inali pafupi.

Ndi chifukwa chake yankho langa kwa inu ndi lakuti inde, kwa mwana wa kuno chiopsezo chilipo, ndipo mwa kuona kwanga n'chachikulu kuposa cha mwana wa ku London kapena New York. Dziko lathu linalowa m'pangano la WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, lochepetsa kusuta fodya mu 2023, ndipo m'pangano limenelo muli ndime yolimbikitsa mayiko kuletsa kugulitsa ndudu imodziimodzi komanso kugulitsa kwa ana. Koma yendani pa depoti iliyonse lero muone ngati mwana wa yunifolomu angakanizidwe. Tinaona kale ndi masacheti mmene chinthu chotchipa, chogulika pang'onopang'ono, chinalowera m'matumba a ana a sukulu mpaka boma linachita kuletsa.

Ngakhale mwana wanu atapanda kukhudza ndudu moyo wake wonse, nkhani siyathera pamenepo. Kwa amene muli ndi ana ku South Africa, ofufuza a ku University of Cape Town anafunsa ana oposa 25,000 m'masukulu 52 a sekondale. Osuta ndudu anali 2 okha mwa 100 alionse, koma okoka vape anali pafupifupi 17, ndipo pafupifupi theka la iwowa ankakoka ola lisanathe chidzukireni. Ameneyo si fasho. Ine pa nthawi imene ndinali kapolo weniweni wa fodya, ndinkayatsa ndisanasukusule.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndikukupemphani musachite, ndipo ndachiona m'mayankho ena pamwambapa. Musamuuze kuti vape ndi yoopsa kuposa ndudu, kapena kuti n'chimodzimodzi. Si zoona, ndipo bodza limeneli likhoza kumukankhira kumene mukuopako. Mwana akamva kuti zonse n'zofanana, adzasankha yotchipa. Chimene chimapha kwambiri mu ndudu ndi utsi wa tsamba lopsa, momwe muli mankhwala oposa 7,000, pafupifupi 70 mwa iwo oyambitsa khansa, ndipo fodya amapha mpaka theka la anthu amene amamusuta osasiya. Vape ili ndi zoipa zake m'mapapo ndi mu mtima, koma sifika pamenepo, ndipo kwa munthu wamkulu amene wakanika kusiya ndudu imathandiza ndithu. Mkulu wa madokotala ku England, Chris Whitty, anaiika bwino mu 2023 pamene ananena kuti ngati umasuta, vape ndi yabwinopo kwambiri, koma ngati susuta usaiyambe, ndipo kuitsatsa kwa ana n'kosaloleka. Dziko lomwelo limene limalimbikitsa akuluakulu osuta kusinthira ku vape linaletsa ma vape otaya akatha kuyambira pa 1 June 2025, mwa zina chifukwa cha ana. Mwana wanu muuzeni zimenezi mmene zilili. Ana a lero ali ndi intaneti m'manja, akakugwirani bodza limodzi, zoona zanu zonse azitaya.

Chinanso, kungolanda kanthuko n'kukataya m'chimbudzi sikokwanira, mwinanso ndi kumene kungatsegule khomo la ndudu ngati chibaba chamugwira kale. Yambani mwadziwa pamene wafika. Mukhale naye pansi nthawi imene mtima wanu watsika, pasakhale azing'ono ake, mumufunse modekha: unayamba liti, ukadzuka m'mawa pamapita nthawi yaitali bwanji usanakoke, ikatha umatani, unabwerekapo ndudu kwa mnzako? Akati amangokoka Loweruka akakumana ndi anzake, ndiye kuti mwamupeza msanga, ndipo kulankhula naye komanso kuyang'anitsitsa ndalama imene mumamupatsa zikhoza kukwana. Akati amakoka asanapite kusukulu ndiponso m'chimbudzi nthawi yopuma, ameneyo akufunika thandizo, osati chikwapu. Mupite naye kwa dokotala, ndipo musankhire limodzi tsiku losiyira, makamaka patchuthi pamene muli naye pafupi, osati mkati mwa mayeso.

Mumukonzekeretse kuti masiku atatu oyamba mpaka sabata ndi owawa kwambiri. Adzakhala waukali, mutu udzamupweteka, adzadya ngati wachokera kumunda, tulo tidzavuta. Pakatha masabata awiri mpaka anayi thupi limayamba kukhazikika. Chibaba chimabwera ngati funde, chimakwera kwa mphindi zochepa n'kutsika chokha, ndipo ine chimene chinandipulumutsa ndi kudzuka n'kuyenda, kumwa madzi ozizira, ndi kutafuna mtedza kapena chimanga chokazinga mpaka chitadutsa. M'masabata amenewo muzitchera maso ku machesi kapena laita m'thumba la buluku, maswiti a mint ochuluka mwadzidzidzi, ndi fungo la pa zala ziwiri zija. Mukapeza kuti waterereka, musamutaye. Ine ndinasiya pa ulendo wachinayi.

Ndipo ngati pakhomopo pali wamkulu wosuta, kaya ndi bambo ake kaya agogo, alekeretu kumutuma kukagula ndudu kuokala, kapena kukayatsa kumoto wa kukhitchini. Ambiri a ife tinaphunzira pamenepo, chifukwa kuti isazime panjira umayenera kukokako kamodzi.

Mwana wa mlongo wanga uja anasiya zonse ziwiri patchuthi chachitali, atagona kwathu masabata asanu, ndipo m'mawa uliwonse tinkayenda limodzi mpaka kumsika ndi kubwerako. Mukaiona nambala ya pa bokosi ija, komanso akakuyankhani za nthawi imene amakoka akadzuka, mulembe pansipa kuti tione poyambira.