Za siteshoni ya Nkaya

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake siteshoni yakumudzi ngati Nkaya, ku Balaka, imatchuka chonchi. Nkhani yagona pa mphambano. Njanji yochokera ku Limbe inadutsa kale derali n'kukafika ku Salima mu 1935, koma Nkaya anadziwika mu 1970 atatsegula njanji yopatukira ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, m'malire ndi Mozambique, yolowera kudoko la Nacala. Masiku ano sitima zazitali za malasha zochokera ku migodi ya ku Moatize, ku Mozambique, zimadzeranso pomwepo.

Zinthu zapamalopo musayembekezere zambiri ayi. Pali njanji zingapo zoti sitima zizipatukirana, ndipo ntchito yaikulu ndi ya katundu. Mukafuna kukwera sitima ya anthu, nyamulani madzi ndi kamba wanu, komanso funsiranitu tsiku lake, poti siyenda tsiku lililonse.