Kodi chikwama chimatsalira bwanji mwini wake atafika?

FUNSO: Akonzi, mwezi watha ndinachoka ku Blantyre kubwerera kuno ku Harare, ndipo ndinasintha ndege m'njira. Ine ndinafika bwino, koma chikwama changa, momwe munali zitenje ndi mpunga wa Kilombero, chinafika patapita masiku awiri. Kodi katundu amayenda bwanji tikamusiya pa sikelo paja?
Mayi wa ku Mufakose

YANKHO: Pepani mayi chifukwa cha vutoli. Chikwama sichitsata mwini wake, chimatsata kapepala kaatali kamene amamata pa chogwirira chake. Pakapepalapo pamakhala zilembo zitatu za bwalo la ndege lomwe mukupita, monga HRE ya Harare kapena LLW ya Lilongwe, ndiponso timizere takuda tobisa nambala ya manambala 10.

M'mabwalo akuluakulu, chikwama chikangolowa kuseri chimayenda pa malamba, n'kudutsa m'makina ounikira zamkati, kenako kuwala kwa makina ena kumawerenga timizereto, ndipo kompyuta imachikhotetsera ku lamba wa ndege yake. Kapepala kakapindika, kakanyowa, kapena pakakhala kena ka ulendo wakale kamene simunachotse, makina amalephera kuwerenga, ndiye chikwamacho chimapatutsidwa kuti munthu achione ndi maso. Apa ndi pamene nthawi imathera, makamaka posintha ndege, chifukwa inu mukhoza kuthamanga n'kukwera, koma chikwama chilibe miyendo. Ndikuganiza kuti chanu chinatsalira pamenepo.

Makinawa si angwiro ayi. Ku Denver, m'dziko la America, makina otere anachedwetsa kutsegulidwa kwa bwalo latsopano ndi miyezi 16 mpaka 1995, ndipo pofika 2005 anasiyiratu kuwagwiritsa ntchito. Kuyambira mu June 2018, bungwe la makampani a ndege padziko lonse la IATA limafuna kuti chikwama chilichonse chizilembedwa polandiridwa, pokwezedwa m'ndege, posintha ndege ndi pobwezedwa kwa mwini wake.

Choncho kachidutswa kaja amakupatsani pamodzi ndi chiphaso chokwerera ndege musakataye, popeza nambala yake ndiyo amafufuzira. Chikwama chikapanda kutuluka, lembetsani dandaulo musanatuluke m'bwalo. Malinga ndi Pangano la Montreal la 1999, lokhudza maulendo a pandege pakati pa mayiko amene analivomereza, chikapanda kufika pakatha masiku 21 muli ndi ufulu wopempha chipukutamisozi, ndipo chikafika chowonongeka muyenera kudandaula mwa kalata pasanathe masiku 7.