Kudikira Ilala ku Nkhotakota

Achimwene, mwafunsa ngati kuli bwino kufika msanga ku Nkhotakota musanakwere Ilala kupita ku Likoma. Ine ndikuti fikani dzulo lake, mugone konko. Kuchokera ku Salima kwerani minibasi ya msewu wa M5 basi, koma za tsiku ndi nthawi ya sitima funsani kaye, zimatha kusintha makamaka nyengo ya mwera.

M'mamawa tsikirani kugombe, eeh kumakoma! Asodzi akubwera ndi usipa m'mabwato, akakowa oyera mbee akuyendayenda m'mphepete, kenako mungomva nkhwazi kulira pamwamba pa mtengo, ikatsika kudzawakha nsomba pamadzi mtima umachita kugunda, ine mpaka lero sinditopa nazo. Ndiye Ilala ija imayamba kuoneka ngati kadontho patali, pang'onopang'ono ikukula. Ndi yakale, inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, koma ikalira huta aliyense amadzuka.

Sifika pagombe penipeni chifukwa madzi ndi osaya, imaima chapatali ndipo mumapita pa tiboti tating'ono, ndiye foni ndi ndalama mangani mu jumbo, muvalenso patapata poti mumaponda m'madzi. Juzi musaiwale, usiku panyanja kumazizira.