Makomishonala a kaunti amangokamba za ku Salem, nanga lendi yangayi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene akukhala ku America, m'steti ya Oregon, kufupi ndi mzinda wa Portland. Dzina lawo ndabisa monga anapemphera. Amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo tsiku lina agogo amene amawasamalirawo anatsegula TV pamene amaonetsa msonkhano wa makomishonala a kaunti. Mayiwa analemba kuti: "Achimwene, ndinamvetsera ola lathunthu. Ndimati ndimva za anthu ogona m'matenti amene ndimawadutsa m'mawa uliwonse, koma akuluakuluwo anangokhalira kuwerenga manambala a mabilu a ku Salem, ina ya nyumba, ina ya mankhwala ozunguza bongo. Imeneyo si ntchito ya aphungu? Nanga ine lendi yandikwera, zonsezi zikundikhudza pati?"

Achemwali, zikomo pondilembera. Nanenso nditangofika kuno ndinkaona ngati anthuwa akulima m'munda wa eni. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti lamulo amaliphika ku Salem, likulu la Oregon, koma wosenza mphika wamotowo kupita nawo kwa anthu ndi kaunti.

Kwathu tinazolowera kuti boma ndi limodzi. Zikachokera ku Capital Hill zimatsikira kwa a DC, ndipo a DC satumidwa ndi mavoti athu. Kuno kuli boma la dziko lonse ku Washington, kenako boma la steti, limene ku Oregon limakhala ku Salem, kenako makaunti 36, ndiye mizinda. Makomishonala a kaunti amachita kuvoteredwa, koma malamulo akuluakulu sapanga ndi iwo. Amapangidwa ndi aphungu 60 a m'nyumba yaing'ono ndi masenetala 30. Chonsecho ndende ya m'deralo ndi ya kaunti, a sheriff (mkulu wa apolisi a m'deralo) ndi a kaunti, oyang'anira anthu amene khoti lawapatsa chilango chogwirira kunja ambiri ndi a kaunti, ndipo chithandizo cha odwala maganizo ndi omwerekera chimadutsanso m'manja mwa kaunti. Aphungu akasintha chiganizo chimodzi m'lamulo, amene amafunika kupeza mabedi, kulemba antchito ndi kugula mafuta a galimoto ndi anthu aja munawaona pa TV.

Tsono ndalama zake? Oregon ilibe msonkho wa pa zogula wa steti yonse, mwina mwaona kale kuti mtengo wolembedwa pa shelefu ndi womwewo mumalipira pa kauntala. Makaunti amadalira kwambiri msonkho wa nyumba ndi malo, ndipo umenewo anthu anaumanga miyendo kudzera m'mavoti a 1990 ndi 1997: mtengo wa nyumba umene amawerengerapo msonkho sukwera kupitirira 3 peresenti pa chaka, kupatula ngati mwamangapo zatsopano. Kaunti siingadzuke m'mawa n'kukweza msonkho chifukwa Salem yaiwonjezera ntchito. N'chifukwa chake bilu iliyonse amaifunsa funso limodzi lomwelo, loti alipire ndani.

Nkhani ya mankhwala ozunguza bongo ndi imene inawaphunzitsa kugona diso limodzi. Mu November 2020 anthu a ku Oregon anavomereza pa voti lamulo lotchedwa Measure 110, ndi mavoti pafupifupi 58 pa 100 alionse. Kuyambira pa 1 February 2021, munthu wopezeka ndi tizibulu tochepa ta heroin kapena meth sankamangidwanso. Ankapatsidwa tikiti ya madola 100, ndipo chindapusacho chinkafafanizidwa akaimba foni pa nambala ina kuti amufunse za umoyo wake. Ndalama zothandizira omwerekera zinkachokera ku msonkho wa chamba, ndipo apa ndi pamene makaunti anayamba kulira, chifukwa gawo lina la msonkho umenewo kale linkapita kwa iwo, ku mizinda ndi ku masukulu. Ganizo lake silinali lopusa, ine sindinena choncho. Kumanga munthu womwerekera kangapo konse osamuchiritsa n'kutunga madzi ndi dengu. Koma ndalama zinachedwa kufika kwa opereka chithandizo, oimba foni ija anali ochepa zedi, ndipo nthawi yomweyo mankhwala ena amphamvu kwambiri otchedwa fentanyl anasefukira m'misewu ya kumadzulo kuno. Anthu anayamba kuona ena akusuta poyera pa siteshoni ya basi, ndipo mtima wa ovota unatembenuka.

Mu 2024 aphungu anadutsitsa bilu yotchedwa HB 4002, Gavanala Tina Kotek anasaina, ndipo kuyambira pa 1 September chaka chomwecho kupezeka ndi mankhwalawa unakhalanso mlandu, woti zikavuta munthu angakhale m'ndende mpaka masiku 180. Koma mverani apa, chifukwa yankho la funso lanu lagona pomwepa. Lamulolo linatsegula khomo lina limene iwo amalitcha deflection, kutanthauza kuti wapolisi akamugwira munthu angathe kumupatutsira ku chithandizo asanafike kukhoti. Ndipo silinakakamize kaunti iliyonse kukhala ndi khomo limeneli. Linati ofuna apange, ndalama apemphe. Makaunti ambiri anapangadi, ena ayi, ndipo amene anapangawo aliyense anaumba chakechake. Multnomah, Washington ndi Clackamas ndi makaunti oyandikana, munthu mutha kudutsa onse atatu popita ku ntchito, koma woyenera kupatutsidwa ndani, achite chiyani kuti mlandu uthe, zimasiyana. Anyamata awiri ogwidwa ndi chinthu chofanana, wina tsidya lino la msewu wina tsidya linalo, akhoza kuyenda njira ziwiri zosiyana.

Ndiye taganizirani komishonala amene anadziwa mu March kuti pofika September ayenera kukhala atagwirizanitsa a sheriff, loya woimira boma pa milandu, makhoti ndi a zachipatala, atapeza nyumba yolandiriramo anthu ndi antchito ake. Ndipo zimenezi zikuchitika m'steti imene maloya oimira osauka akhala akuperewera kwa zaka, moti anthu ena amadikira mlandu opanda wowaimira. Munthu wotere sangadikire kuti adzawerenge lamulo m'nyuzipepala litadutsa kale.

Ndinakhalapo pa msonkhano wotere m'kaunti ina, sinditchula dzina. Mayi wina wa mu ofesi anagawa mapepala okhala ndi mizere. Mzere woyamba nambala ya bilu, wachiwiri zimene ikunena mwachidule, wachitatu komiti imene yaigwira, wachinayi maganizo a kaunti: tikuvomereza, tikukana, kapena tikungoyang'anira. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti anatha mphindi pafupifupi khumi akukambirana liwu limodzi. M'malamulo a kuno muli timawu tiwiri ta Chingerezi, may ndi shall. Loyambalo likutanthauza kuti mukhoza kuchita mukafuna, lachiwirilo kuti muchite basi. Komishonala wina wachikulire, magalasi ali pamphuno, anangofunsa kuti liwulo likadali loyamba lija kapena alisintha usiku. Ine ndinaseka chamumtima, koma bamboyo ankadziwa chimene ankafunsa. Liwu limenelo likasintha, bajeti ya kaunti yasintha.

Ndipo amasinthadi usiku. Nyumba ya Malamulo ya ku Oregon simakumana chaka chonse. Zaka zothera ndi nambala yosagawika pawiri amakhala masiku osapitirira 160, zaka zinazo masiku 35 okha. HB 4002 inadutsa m'nyengo yaifupiyo. M'masiku ochepa chotero bilu imatha kusintha nkhope kangapo. Ali ndi chizolowezi china chimene amachitcha gut and stuff: amatenga bilu, kuichotsa zam'kati zonse ngati nkhuku, n'kulongamo zina, nambala ndi mutu n'kukhala zomwezo. Ukaiwerenga Lolemba n'kugona, Lachinayi upeza ndi nyama ina. N'chifukwa chake makaunti ali ndi bungwe lawo, Association of Oregon Counties, limene limakhala ndi anthu ku Salem nthawi yonse ya zokambirana, ndipo makaunti akuluakulu amalembanso anthu awoawo. Ang'onoang'ono amadalira bungwelo. Kaunti ya Harney, kum'mawa uko, kukula kwake n'pafupifupi Chigawo cha Kumpoto chonse cha kwathu, koma anthu ake sakwana 8,000. Lamulo lolembedwa ndi munthu amene akuganiza za Portland, kumene chipatala chili pa kona, likafika ku Burns, likulu la kaunti ya Harney, limasanduka ulendo wa maola pa galimoto.

Tsopano za lendi yanu. Apa ndikuuzeni mosabisa kuti makomishonala aja sangakutsitsireni lendi ngakhale atafuna, chifukwa lamulo la steti limaletsa mizinda ndi makaunti kuika malire awoawo pa lendi. Malire alipo, koma ndi a ku Salem. Mu 2019 Oregon inakhala steti yoyamba kuika malire a kakwezedwe ka lendi m'steti yonse: 7 peresenti kuphatikizapo kukwera mitengo kwa zinthu m'chakacho. Mitengo itapenga, malirewo anafika 14.6 peresenti mu 2023, anthu anakuwa, ndipo aphungu anawonjezera kuti zivute zitani asapitirire 10 peresenti. Koma pali kabowo: nyumba imene siinakwanitse zaka 15 chimangidwire siikhudzidwa. Ambiri a ife timathamangira mafulati atsopano chifukwa ndi oyera ndipo mwezi woyamba amatinyengerera, osadziwa kuti talowa kumene kulibe mpanda.

Chimene kaunti imagwira pa nkhani ya nyumba ndi malo, zilolezo zomangira kunja kwa mizinda, ndi malo ogona anthu osowa pokhala. Potsatira lamulo la 1973, mzinda uliwonse ku Oregon uli ndi malire amene sungamange kupyola, pofuna kuteteza minda ndi nkhalango. Mukatuluka m'tauni mudzaona nyumba zikutha mwadzidzidzi, kenako minda, ngati wina wadula ndi mpeni. N'zokongola, komanso zimapanikiza malo omangapo. Mu 2019 lamulo lina linalamula mizinda ikuluikulu kulola nyumba za mabanja awiri mpaka anayi pa puloti imene kale inkaloledwa banja limodzi. Mayi Kotek atangolowa mu January 2023 analengeza kuti kusowa pokhala ndi vuto ladzidzidzi ndipo anaika cholinga cha nyumba 36,000 pa chaka, ndipo mu 2024 mizinda ina inaloledwa kufutukula malire aja kamodzi kokha. Koma nyumba siimera pa pepala. Pamafunika mapaipi a madzi, a zonyansa, msewu, ndipo mkangano wa amene alipire zimenezi ndi umene umadya nthawi m'misonkhano ija.

Za matenti amene mumawadutsawo, mwina munamva dzina la Grants Pass. Ndi tauni ya kumwera kwa Oregon, m'kaunti ya Josephine. Pa 28 June 2024 khoti lalikulu la dziko lonse linagamula, oweruza 6 kwa 3, kuti mzinda ukhoza kulanga anthu ogona panja ngakhale ulibe malo okwanira owagoneka. M'masteti ena anayamba kugwetsa matenti posakhalitsa. Ku Oregon kuno sizinatheke msanga choncho, chifukwa pali lamulo la steti la 2021 lonena kuti malamulo a mizinda ndi makaunti oletsa kugona panja akhale omveka pa nthawi, malo ndi kachitidwe kake. Akuluakulu ena a m'madera akufuna lamuloli lichotsedwe kapena lifotokozedwe bwino, omenyera ufulu wa osowa pokhala akufuna likhale. Ine ndili mbali yoti likhale, poti kuthamangitsa munthu pa kona iyi sikumupatsa nyumba, kumangomusamutsira pa kona ya mnzako. Komabe ndimawamvetsa makomishonala akamadandaula kuti liwu loti "omveka" aliyense amalimva mwake, ndipo womasulira womaliza amakhala woweruza, kaunti itasumiridwa kale.

Ndipatuke pang'ono, poti ndikulankhula ndi wakwathu. Musapusitsidwe ndi mashopu a chamba amene ali mbwee m'misewu. Steti inaloleza, koma lamulo la dziko lonse silinaloleze, ndipo mapepala athu okhalira kuno ali m'manja mwa boma la dziko lonse, osati la Salem. Munthu amene si nzika akhoza kuwononga mapepala ake chifukwa chosuta kapena kugwira ntchito m'shopu yotero. Muwauze ana ndi adzukulu. Deflection imene ndatchula ija ndi nkhani ya khoti la steti, a za imigireshoni ali ndi mabuku awo.

Ngati mukufuna kutsatira nokha, sizovuta monga zimaonekera. Nyumba ya Malamulo ili ndi tsamba la pa intaneti lotchedwa OLIS. Mukalemba nambala ya bilu ija munaimva pa TV, mupeza mawu ake, zosintha zonse, tsiku limene komiti idzamve maganizo a anthu, ndi makalata amene ena atumiza, kuphatikizapo a kaunti yanu. Pamenepo mudzaona ndi maso anu ngati zimene amalankhula pa TV ndi zomwezo amalemba ku Salem. Inunso mukhoza kutumiza kalata yanu, safunsa pasipoti. Koma ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi msonkhano wa kaunti womwewo, makamaka miyezi ya May ndi June pamene akukonza bajeti yoyamba pa 1 July. Amapereka mphindi ziwiri kapena zitatu kwa aliyense wofuna kulankhula, ndipo masiku ambiri mipando imakhala yopanda anthu.

Pakadali pano tengani kalata ya landilodi ija muione zinthu zitatu. Anakupatsani masiku 90 asanakweze? Mwakhalamo chaka chathunthu, ndipo papita miyezi 12 chikwezereni komaliza? Ndipo nyumbayo inamangidwa liti? Ngati yapitirira zaka 15 ndipo akweza kuposa malire a chaka chimenecho, amene sapitirira 10 peresenti, musasaine kanthu, pitani nayo ku ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo mwaulere imene ili m'dera lanu, kapena imbani 211 akulozereni. Mundilemberenso mundiuze chaka chimene mwapeza.