Jenereta ikathima, nyimbo yanu idzayimbika?

Mdzukulu wanga, uthenga wako wandipeza. Ukuti kwaya yanu ya achinyamata kuno ku Mulanje yagawikana. Ena akufuna nyimbo zovinitsa za kiyibodi chifukwa ndi zomwe anthu amafupa nazo pa Pepa Sande, ena akakamira za solofa za mawu anayi, ndipo iwe wotsogolera wasowa pogwira. Ukufunsa ngati ukondweretse anthu kapena usunge luso.

Ndiyambe ndi zomwe ndidaona pamaliro ena kuseri kwa Chitakale. Kwaya idabwera ndi kiyibodi, masipika awiri ndi jenereta, ndipo idayimba bwino, sindinama. Pakati pa usiku mafuta adatha, pamudzi ponse zii. Anyamata aja adangoyang'anizana osadziwa poyambira, pakuti kiyibodi ndiyo inkawapatsa mawu ndi kuwagwirira sitepe. M'nyumba ya siwa mayi wina wa Mvano adakonza kukhosi n'kuyambitsa nyimbo ya m'buku. Anzake adayilandira, abambo amene ankaotha moto panja n'kuthirapo besi. Namfedwa, amene adakhala duu tsiku lonse, milomo idayamba kugwedezeka. Kudacha tikuyimba.

Usandimve ngati ndikuti zakale zonse n'zabwino, ayi. Amishoni a ku Scotland amene adafika ku Blantyre mu 1876 adatiphunzitsa solofa, ndipo tiwathokoze. Koma nyimbo zambiri adangoveka mawu a Chinyanja pa mayimbidwe akwawo. Ife polankhula timatsamira pa phatikizo loyandikana ndi lomaliza: tchula Mulungu kapena chikondi, umve pomwe lilime lako likupumira. Nyimbo zina za m'buku zimatikakamiza kukoka kumapeto, mawu athuathu n'kumamveka ngati a mlendo. Ng'oma nayo m'mipingo yambiri inkatchedwa yachikunja. Kwa Akatolika khomo lidatseguka bwino utatha msonkhano wachiwiri wa Vatican wa 1962 mpaka 1965. Tsono anzako ofuna kuvina pamaso pa Chauta sakulakwa. Thupi nalo ndi lake.

Chomwe chimandipweteka ndi kufulumira. Paunyamata ndidathyolapo tiyi. Wofuna kudzaza dengu msanga amakolola ndi masamba okhwima omwe, ndipo dengu limalemeradi, koma kapitawo akapisamo dzanja amabweza. Chofunika ndi masamba awiri ndi kansonga. Nyimbo zambiri zomwe ndikumva lero ndi dengu lotere. Munthu adina batani, kiyibodi idziyimbira yokha, mzere umodzi ubwerezedwa mpaka thukuta kamukamu, sipika ili pamwamba moti ife a m'mabenchi sitimva ngakhale mawu athu omwe. Anthu avina, afupa, koma ukawafunsa panja kuti nyimbo ija imati chiyani, angoseka. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Komatu ndani adakuuza kuti chokoma kwa anthu chilibe luso? Tchopa ya Alhomwe, imene bungwe la padziko lonse loona za chikhalidwe la UNESCO lidayilemekeza mu 2014, imadzutsa mudzi wonse, koma ng'oma iliyonse ili ndi mawu ake, ndipo woyimba akaphonya ovina amadziwa nthawi yomweyo. Ukwerenso galimoto upite ku Makwasa m'boma la Thyolo, kumene kuli mishoni ya Malamulo ya a Seventh-day Adventist kuyambira 1902. Ukamve anyamata anayi akuyimba ndi pakamwa pokha, aliyense akumvetsera mnzake, tena osakwirira aluto, besi ikuyenda pansi ngati madzi a Ruo m'chilimwe. Palibe amatuluka panja nyimbo ili m'kati.

A solofa aja nawonso uwauze mawu anga. Nyimbo yovuta imene kwaya yokha ndiyo ingayithe, mpingo n'kumangoonerera ngati uli pa mpikisano, ikhale ya apo ndi apo. Mayi amene wayenda wapansi kuchokera kuphiri ndi mwana kumsana wabwera kudzayimbira Mulungu wake, mumupatse polowera.

Loweruka likubwerali poyeserera, kiyibodi muyisiye m'thumba mwake. Mbali zonse ziwiri zibweretse nyimbo zawo, muyimbe ndi mawu ndi m'manja basi. Muyitane gogo mmodzi wa mumpingo akhale pa benchi yakumbuyo, mukamaliza mumufunse zomwe wamva. Nyimbo imene abwereze mawu ake, n'kumayiyimba chapansipansi potuluka, imeneyo Lamulungu muyiyikire kiyibodi ndi ng'oma, muvine nayo. Sipika yokha muyitsitseko. Undiuze tsiku, ndidzabwera ndidzakhale kumbuyo komweko.